Ozonda Galimoto ya a Mhone

Bambo Zebedee Mhone a ku Mchengautuwa mu Mzuzu anagula galimoto ali ndi imvi kale. Inali yakale ndithu, yamtundu wa buluu, ndipo chitseko chimodzi cha kumbuyo chinkatsekedwa ndi lamba wa thalauza. Anaigula kwa mphunzitsi wina amene ankasamukira ku Karonga. Itangofika pakhomo, chinthu choyamba chimene anaichitira ndi kuigulira khadi la chipani. Palibe amene anawauza kuti atero. Anangoganiza okha kuti m'masiku amenewo, pamene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi, sikunali bwino kuti chinthu chachikulu chotere chiziyenda mumsewu chimanjamanja. Khadilo analimangirira ndi ulusi pagalasi la kutsogolo.

Chifukwa chogulira galimotoyo chinali chakale kuposa galimotoyo. A Mhone anakwatira kwawo komwe, kufupi ndi Mpamba pamsewu wa ku Nkhata Bay, ndipo mkazi wawo Emily ndi amene anthu onse ankawatchula kuti aNyaLongwe. Ukwati utatha, awiriwo ananyamuka wapansi kupita ku Mzuzu, kumene mwamunayo anapeza ntchito m'minda ya tangi, mitengo ija imene mafuta ake amapangira vanishi. Mkwatibwi anasenza mphasa ndi mapoto, mkwati anakolekera nkhuku m'khwapa. Bambo a mkaziyo, a Ackim Longwe, anali atagwirapo ntchito zaka zambiri m'mahotela a ku Joni, ndipo magalimoto a mitundu yonse anawaona ndi maso awo. Anaima pakhomo n'kumayang'ana mwana wawo akuchoka ndi mapazi, kenaka anauza mkamwini wawo mosakweza mawu.

"Tsiku limene ndidzamve galimoto yako ikulowa pabwalo pano, ndidzakuitana ndi dzina lako."

Kuyambira pamenepo anamutcha Wapansi. Ana atabadwa, anali ana a Wapansi. A Mhone anayesa kupita pa basi, apongozi awo anati basi ndi ya aliyense. Anayesa njinga, nkhalambayo inati kupalasa njinga ndi kuyenda pansi utakhala. Zaka zinapita, minda ya tangi inatha, a Mhone anagwira ntchito zina mpaka kupuma, anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, koma kumudzi kwa mkazi wawo dzina lawo silinamvekepo.

Tsono chaka chimenecho kunabwera uthenga wakuti a Longwe afooka. Maso anali atasiya kuona kalekale, ndipo tsopano chakudya ankangochilawa. Makutu okha ndi amene anatsala akuthwa. A Mhone anauza mkazi wawo kuti Loweruka likudzalo apita pa galimoto, zivute zitani.

Choyamba anaitana makaniko kuti aione. Dzina lake linali Boniface, ndipo galaja yake inali pansi pa mtengo wa bulugamu pafupi ndi msika. Boniface anagona pansi pa galimotoyo, namasula kabawuti kena, ndipo munatuluka oilo wakuda ngati makala onyika m'madzi. Anati oilo ameneyo ayenera kuti anathiridwa nthawi ya chitaganya. Anamukhetsa yense, nasiya injini yopanda kanthu, ndipo anakhala pa chitsa n'kuyamba kufotokoza.

Anati oilo wa galimoto amadziwika ndi nambala yolembedwa pachitini. Wa nambala 30 ndi wopepuka, amayenda bwino m'mawa kukazizira monga kumachitira ku Mzuzu, koma akafika kotentha ngati kunyanja amasanduka madzi. Wa nambala 40 ndi wolimba, kotentha amagwira bwino, koma m'mawa wa ku Mzuzu amachita ulesi kudzuka. Vuto la ulendo wa a Mhone linali lakuti ukuyambira kozizira n'kukathera kotentha. Mwamwayi kunabwera oilo watsopano wokhala ndi manambala awiri pachitini chimodzi, 20 ndi 50, amene kukazizira amapepuka, kukatentha amalimba.

"Mugule ameneyo, adada, galoni imodzi," anatero Boniface. "Musasakanize ndi china chilichonse. Ine ndikupita ku maliro ku Ekwendeni, ndidzakupezani Loweruka m'mawa."

Tsiku lotsatira a Mhone anavala jekete n'kupita kusitolo ya zida za galimoto m'tauni. Anatsagana ndi a Winston, oyandikana nawo nyumba, amene anali kalaliki pa ofesi ina ya boma. A Winston anali munthu wolankhula motsitsa mawu nthawi zonse, ngakhale pofunsa mtengo wa tomato, ndipo ankadziwa zinthu zimene munthu sayenera kuoneka nazo. Pashelefu panali zitini zitatu, monga mmene Boniface ananenera. A Mhone ananyamula cha manambala awiri chija, koma asanafike nacho kwa wogulitsa anamva jekete lawo likukokedwa kumbuyo.

A Winston anawatengera pakona nawafunsa ngati aganizapo bwino. Anawakumbutsa kuti dziko lino lili ndi chipani chimodzi, mtsogoleri mmodzi, wailesi imodzi. Nanga oilo wa manambala awiri wachokera kuti? Chinthu chimene kukazizira chimanena zina, kukatentha n'kunena zina, khalidwe limenelo amalitcha chiyani? Iwo sankanena kuti n'choletsedwa ayi, koma wogulitsayo ankaoneka kuti saiwala nkhope za anthu.

A Mhone anabwezera chitinicho pashelefu mwakachetechete, nachipukuta ndi mpango pamene anagwirapo. Anayang'ana wa 30, anaona galimoto yawo ikufera pamtunda wina kunyanja. Anayang'ana wa 40, anaiona ikukana kudzuka pakhomo. Anaima pamenepo mpaka miyendo inayamba kuwawa. Pomaliza anagula sopo wosambira m'manja, kuti wogulitsayo asadabwe chimene anabwerera.

Kunyumba aNyaLongwe anati nkhaniyo si yovuta. Agule onse awiri, wa 30 ndi wa 40, ndipo akafika pamene munthu amavulira juzi potsika kunyanja, akasinthe. A Mhone anaona kuti ndi nzeru, koma a Winston anati munthu wonyamula zitini ziwiri wanyamulabe manambala awiri, ndipo kuti kusinthira m'tchire kungaipitse nkhaniyo kwambiri.

Motero galimoto inakhala pakhomo boneti ili yasa. Unali mwezi wa Juni, chifunga chinkagona m'mabwalo mpaka dzuwa litakwera. ANyaLongwe anaimvera chisoni injiniyo poiona ili pamtunda, ndipo anaifunditsa bulangeti lakale la ana.

Bulangetilo ndi limene linaitana anthu. Odutsa ankaona chinthu chili kukamwa yasa, chofunda bulangeti masana, mwini wake atakhala pambali pake dzanja lili patsaya. Panalibe chofunsa. Pofika madzulo Mchengautuwa yense anali atamva kuti galimoto ya a Mhone yadwala, ndipo kuti matenda ake ndi kusowa mafuta m'thupi.

Kwathu kuno wodwala amazondedwa, ndipo wozonda sapita chimanjamanja. Chinanso n'chakuti chimene wozonda wabweretsa sachiika pambali. Amachipereka kwa wodwalayo wobweretsayo akuona, ngakhale pang'ono chabe, chifukwa kuchibisa kukhitchini ndi kunena kuti simukumukhulupirira, ndipo mawu amenewo sachoka msanga pakati pa anthu oyandikana.

Oyamba kufika anali mayi Lettie, amene ankagulitsa mandasi pamphambano. Anali mayi wamkulu thupi, wamawu omveka patali. Anapereka moni, nakhala pamkeka, nafunsa mmene wodwala wagonera. Kenaka anamasula nsalu yawo n'kutulutsa botolo la mafuta ophikira. Anati anakazingira kawiri kokha, ndipo anawasefa ndi kansalu koyera.

A Mhone anathokoza ndi manja awiri. Anati yewo chomene, naika botololo pansi pa mpando wawo, n'kuyamba kukamba za kuzizira kwa chaka chino. Mayi Lettie anayankha za kuzizirako, koma maso awo anali pansi pa mpando. Nkhani ya kuzizira itatha, anakamba za mtengo wa ufa. Nayo inatha.

"Kodi simuipatsa?" anafunsa mayi Lettie. "Kapena mukuti ndathiramo kanthu?"

A Mhone anayang'ana mkazi wawo, mkazi wawo anayang'ana pansi. A Mhone anadzuka, navundukula bulangeti, natsegula kachivundikiro ka pamwamba pa injini, n'kuthira. Mafutawo anatsika akumveka gubudu gubudu. Mayi Lettie anamvetsera atapendeketsa mutu, ndipo anati wodwala amene akumeza chotere sangafe.

M'mawa mwake kunabwera a Goodwell, mnzawo wa a Mhone wa m'minda ya tangi. Anayenda wapansi kuchokera ku Geisha, dazi lawo litanyowa ndi chifunga. M'thumba la jasi anali ndi botolo la mafuta a tangi limene analisunga kuyambira tsiku limene ntchito ija inatha. Anati ankalisungira chinthu chachikulu, osadziwa kuti ndi chiti, koma atamva za matendawa anazindikira.

Apa a Mhone anavutika mumtima, chifukwa mafuta a tangi ankawadziwa bwino. Anawaona akupakidwa pamatabwa, ndipo ankadziwa kuti akauma amalimba gwa. Anayesa kunena zimenezi mozungulira. A Goodwell anangowayang'ana maso ali ndi misozi, nawafunsa kuti kodi ana awo onse aja anaphunzira ndi chiyani, kodi malata a nyumba iyi anachokera kuti, ndipo kodi lero mafuta amene anawalera onse awiri asanduka osayenera kulowa m'galimoto. A Mhone anathira botolo lonse. Mafutawo ankatuluka pang'onopang'ono ngati uchi, ndipo amuna awiriwo anawayang'anitsitsa mpaka dontho lomaliza.

Zitatero njira inatseguka. Telala wa pamsika anabwera ndi kabotolo ka oilo wa makina osokera, napepesa kuti ndi kochepa. Amayi a Umanyano, bungwe la amayi a ku mpingo, anabwera gulu atavala yunifolomu, anaimba nyimbo mozungulira galimotoyo, napemphera, ndipo anasiya mafuta a nsatsi amene anati amathandiza pa kudzimbidwa. A Winston anabwera kutada pang'ono ndi mafuta odzola kumutu, atayamba achotsa pepala la pabotolo kuti pasaoneke nambala iliyonse.

Pofika Lachisanu a Mhone anasolola kachitsulo koyezera oilo, ndipo anapeza kuti wafika pamzere wa pamwamba. Anadabwa kuona kuti mtima wawo wapepuka. Sanasankhe 30, sanasankhe 40, sanagwire cha manambala awiri, komanso palibe amene anamukhumudwitsa. Anatseka boneti, napinda bulangeti, nauza mkazi wawo kuti akonze katundu.

Loweruka m'mawa pabwalo panadzaza anthu odzatsanzikana ndi wodwala wawo. Boniface anafika akuchokera ku maliro kuja, nafunsa ngati oilo anapezeka. A Mhone anati anapezeka wambiri. Boniface anasolola kachitsulo kaja, nakayang'ana padzuwa. Anakanunkhiza. Anakanunkhizanso, kenaka anakagunditsa palilime, nakhala kanthawi akutafuna. Anafunsa aNyaLongwe ngati m'nyumbamo muli mchere, chifukwa ndi wokhawo umene ukusowa.

Atamufotokozera zonse, Boniface sanakalipe. Anangonena kuti zonsezo ziyenera kutuluka tsopano lino, injini itsukidwe, apo ayi galimotoyo sifika ngakhale ku Msongwe. Anatenga sipanala ndi beseni, nagona chagada, n'kulowa pansi pa galimoto. Ali pansipo anaona mapazi awiri ataima pafupi ndi mutu wake, ndipo mapaziwo anawazindikira. Anali a mayi Lettie, apongozi ake, mayi a mkazi wake.

"Bambo a Mabel," anatero mayi Lettie mofatsa, pomuitana ndi dzina la mwana wake, "mafuta amene muyambe kutaya ndi a ndani? Ndingofuna ndidziwe."

Sipanala inagwera m'beseni. Kenaka Boniface anatuluka pang'onopang'ono, nasasa fumbi kumsana, n'kunena kuti poganiza bwino, zinthu zina zimafunika kuziyesa kaye.

A Mhone anakhala pachiwongolero. Kuyendetsa anaphunzirira pa thirakitala ya ku minda ya tangi, choncho ankakhala mowongoka ngati akuyang'ana mizere. Anapotokola kiyi. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inalira bwinobwino. Amayi a Umanyano analulutira. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera, ndipo bwalo lonse linanunkhira mandasi.

Pamenepo aliyense anafuna kukaona mafuta ake akugwira ntchito. Malo anali ochepa, choncho anakwera amene mabotolo awo anali aakulu. Mayi Lettie analowa kumbuyo, a Goodwell pambali pawo, a Winston anadzipanikiza pakona chipewa atachitsitsira kumaso. Boniface anati iye akupita nawo monga mmene munthu amaperekezera wodwala ku chipatala. Anakhala kuchitseko cha lamba chija, bokosi la zida lili pamiyendo. ANyaLongwe anakhala kutsogolo atanyamula shuga ndi buledi wa bambo awo.

M'tauni anadutsa bwino. Anthu ankatuluka m'nyumba atanyamula makapu a tiyi, n'kumayang'ana uku ndi uku kufuna wogulitsa. Agalu anawatsatira mpaka kumsika waukulu. Ku Msongwe anafika, ndipo mayi Lettie anamuyang'ana Boniface monyada. Koma atapitirira pang'ono, nyumba zitayamba kuchepa, injini inasintha mawu. Inayamba kulira ngati munthu amene akulankhula ali ndi chakudya m'kamwa. Kenaka inkachita kukoka mawu amodziamodzi. Pamwamba pa kamtunda kena inausa moyo, n'kukhala chete.

Boniface anatsegula boneti. Kachitsulo koyezera kanakana kutuluka, ndipo atakakoka ndi manja awiri kanabwera ndi chinthu chonga phula la njuchi. Anayesa kuzunguza injini ndi sipanala, koma inali itagwirana yonse ngati mwala umodzi. Chokhacho chimene ananena n'chakuti sanaonepo injini yowala chotere.

Mkangano unayamba pomwepo. Mayi Lettie anati mafuta awo adyedwa ndi anthu a mu Mzuzu zaka zonsezi ndipo palibe amene anauma. A Goodwell anati tangi anawoloka nyanja zikuluzikulu kupita kwa azungu, sangalephere msewu wa ku Nkhata Bay. Onse awiri anatembenukira a Winston n'kufunsa kuti m'botolo lopanda pepala lija munali chiyani. A Winston anati nkhani zotere si zokambira pamsewu.

A Mhone sanalowe nawo mkanganowo. Anakakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, navula chipewa n'kuchiika pabondo. ANyaLongwe anawatsatira nakhala pa udzu pafupi nawo. Kutsogolo kwawo mapiri ankatsika motsatizana mpaka kukabisika m'nthunzi ya kunyanja.

"NyaLongwe," anatero a Mhone, "bambo ako sananame. Ndine Wapansi ndithu. Adzapita osanditchula."

ANyaLongwe anayang'ana msewuwo. Kenaka anawakumbutsa mmene anavutikira tsiku lija atangokwatirana, mapoto ali pamutu, kukwera mtunda wokhawokha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anati ngati pobwera unali mtunda wokhawokha, ndiye kuti pobwerera ndi mtsetse wokhawokha, ndipo matayala onse anayi ali bwino.

Anabwerera kugalimoto nanena maganizowo. Poyamba palibe amene anafuna kukankha, chifukwa kukankha kukanaoneka ngati kuvomera mlandu. Ndi mayi Lettie amene anaitembenuza nkhaniyo. Anamanga nsalu m'chiuno, naika manja pa galimoto, n'kunena kuti amene akudziwa kuti mafuta ake ndi amene apha wodwalayu atsale pomwepa, ena onse akankhe. Sanamalize n'komwe, a Goodwell ndi a Winston anali atagwira kale.

Ulendo unayenda motero. Pamtsetse onse ankalumphira m'kati, galimoto n'kumatsika yokha m'makona muja, mphepo ikulowa m'mawindo, a Mhone phazi lili pa buleki, milomo ikupemphera. Pamtunda, poti mitunda inalipo ndithu kuposa mmene aNyaLongwe ankakumbukira, anayi aja ankatsika n'kukankha. A Mhone anafuna kutsika nawo, koma onse anakana, chifukwa mwini galimoto akaponda pansi ndiye kuti ulendo wonsewo wapita pachabe. Pamalo ena anaimitsidwa ndi anyamata ofunsa makhadi a chipani. Aliyense anaonetsa lake, ndipo a Mhone anaonetsanso la galimoto. Anyamatawo analiyang'ana mbali zonse, nayang'anana, ndipo chifukwa cha ulemu anathandiza kukankha mpaka pamwamba pa mtunda wotsatira.

Kuzizira kwa ku Mzuzu kunatsalira kumbuyo. Majuzi anavulidwa, jasi la a Goodwell linaponyedwa padenga, ndipo a Winston anamasula tayi, chinthu chimene palibe anawaonapo akuchita. Dzuwa litapendeka anafika pa kanjira kolowera kwa a Longwe, kodutsa m'minda ya chinangwa.

Pamenepo anaima kuti apume, ndipo a Goodwell anapereka maganizo. Anati iwo amatha kulira ngati thirakitala, ankaseketsa nazo anzawo ku ntchito, ndipo nkhalamba yosaona singasiyanitse. Anayesezera pang'ono, ndipo zinkamvekadi. A Mhone anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu. Anati adikira zaka zonsezi, ndipo sangakatenge dzina lawo kwa munthu wosaona pomunamiza. Alowe monga mmene alili.

Galimoto inalowa pabwalo mwakachetechete. Kunkangomveka timiyala tikuphwanyika pansi pa matayala, ndi kupuma kwa anthu anayi kumbuyo. A Longwe anali pampando pansi pa mtengo wa mango, atavala jekete lawo lakale la ku Joni, lomwe tsopano linkawakulira. ANyaLongwe anatsika, nagwada pafupi nawo, napereka moni. Nkhalambayo inagwira nkhope ya mwana wake, nifunsa ngati abwera pa basi ya masana. ANyaLongwe anati ayi, abwera pa galimoto ya amuna awo, ndipo ili pomwepa pabwalo.

A Longwe anatembenukira kumene kunali galimotoyo. A Mhone anali adakali pachiwongolero, manja onse awiri atagwira, osayerekeza kutsika. Nkhalambayo inapempha ndodo yake, ndipo mwana wake anaigwira dzanja mpaka pa galimoto. Inasisita boneti, inagwira nyali, inapeza galasi ndi khadi lija likulendewera m'kati. Inanunkhiza mpweya kawiri.

Kenaka inayamba kulankhula ngati ikudziuza yokha. Inati ku Joni, pakhomo la hotela, magalimoto a makalaliki ankamveka akadali kutali, ndi phokoso lawo. Koma a eni migodi ankangofika. Munthu unkadziwira timiyala basi kuti pakhomo paima galimoto, ndipo unkathamanga kukatsegula chitseko.

"Ndamva timiyala," inatero.

Inapitiriza kusisita m'mbali, kudutsa chitseko cha lamba, mpaka kumbuyo. Pamenepo inaima n'kutchera khutu, nifunsa kuti chikupuma chotere n'chiyani. Anayi aja anali atatsamira galimoto, pakamwa pali pululu, osatha kudziletsa. A Winston ndi amene anayankha, motsitsa mawu monga mwa masiku onse, kuti ndi injini ikuzizira.

Nkhalambayo inatambasula dzanja. Linagwera padazi la a Goodwell, lonyowa ndi thukuta, ndipo linakhala pamenepo kanthawi. Linasuntha n'kupeza khutu la Boniface, kenaka kolala ya a Winston, kenaka duku kumutu kwa mayi Lettie. A Longwe anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nanena kuti magalimoto a injini ya kumbuyo anawaonaponso ku Joni, koma yaikulu chotere ayi.

Anabwerera m'mbali mwa galimotoyo mpaka dzanja lawo linapeza chogwirira cha chitseko cha woyendetsa. Anawongola msana monga mmene ankachitira pakhomo la hotela, natsegula.

"Tsikani, ada Mhone," anatero. "Mwayenda ulendo wautali. Injini yanuyi muilowetse pamthunzi imwe madzi, ndipo mbali iyo ya duku muipatse mpando."

A Mhone anacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli munthu wina. Munalibe. Anatsika, navula chipewa, n'kugwira dzanja la apongozi awo ndi manja awiri.

Madzulo amenewo a Longwe anadya bwino, ndipo dzina lija analitchula pa chilichonse, popempha madzi, pofunsa za mvula ya ku Mzuzu, ngakhale pamene panalibe chonena. Alendo anabwerera pa basi m'mawa mwake, akukanganabe za mafuta. Galimoto inatsala pansi pa mango paja, chifukwa panalibe amene anali wokonzeka kuikankha chokwera. Nkhalambayo inkakhalamo m'mawa uliwonse kuwothera dzuwa, ndipo aliyense wodutsa inkamuitana kuti adzatsegule boneti, aone mmene injini ya ada Mhone imawalira.